Chishalo cha Alamu Anu

4 Meyi

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno Tsinya ali bwino, dzana wakwanitsa miyezi isanu ndipo nkhope ija akuikwinyabe ngati wina wamubera. Koma ine sindili bwino achemwali, ndiye chonde muwerenge muli nokha. Amayi asaone kalatayi. Ndabwereza, Amayi asaone.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga inagwera m'beseni kuntchito, ndipo nkhani iyi si yoyankhula pa foni yobwereka mwini wake atakuimirira pambali. Ndampatsira kondakitala wa basi ya m'mawa uja.

Ntchito ndinayambiranso masabata atatu apitawo, komwe kuja kochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela. Tsinya ndimamusiya kwa mayi eni nyumba. Mayiwa anavomera koma ananeneratu kuti, "Ine ndikusungira, koma masana uzibwera kudzayamwitsa. Ameneyu si wa botolo." Ndipo sakunama. Botolo amalavula, kapu amakankha, supuni amangotseka pakamwa n'kumakuyang'ana ngati wamutukwana. Ndiye ine ndimapita m'mawa, 12 koloko ndibwere ndiyamwitse, 1 koloko ndikhale nditagwira kale simbi, madzulo ndibwerenso. Maulendo anayi tsiku lililonse. Wapansi ndi pafupifupi ola lathunthu kupita kokha. Basi imayamba yazungulira tauni yonse. Panjinga ndi mphindi khumi ndi zisanu. Alamu anu popita ku ntchito yawo ya msewu ija anandisiyira njinga yawo, iwo kubwera ndi kumapeto kwa mwezi wamawa.

Achemwali, njingayi ikundipha.

Sabata yoyamba ndinkati ndi kusazolowera, poti ndinasiya kupalasa mimba ili ndi miyezi itatu. Yachiwiri kunayamba kutentha kumusi, mukudziwa kumene ndikunena, pafupi ndi pamene anandisoka. Ndikatsika kumakhala dzanzi mpaka sindidziwa ngati thupili ndi langa. Pokodza ndimachita kuluma nsalu kuti eni nyumba asamve. Ndinadula siponji ya matiresi akale n'kumangirira pachishalo ndi mphira. Sizinathandize. Ndinawonjezera thaulo, pamwamba n'kukuta ndi pulasitiki kuti zisamanyowe. Chishalo chafufuma ngati mtsamiro koma ululu ndiye wachita kunyanya. Lachisanu ndinaona timagazi pa kabudula wamkati. Ndiponso pali chotupa mbali ya kumanzere, cholimba ngati nyemba yosaphika.

Kodi pamene anandisoka pang'ambikanso? Kodi ndi chiberekero chikutsika? Mayi wina kuntchito ankanena za mbale wake amene zinamuchitikira atabereka, ine sindinafunse zambiri, ndinaopa angandizindikire. Ndinangowerama n'kumasita pilo imodzimodzi mpaka inatsala pang'ono kupsa.

Inu munanyamula zigubu za mkaka panjinga zaka zonse zija, ana atatu kubereka n'kubwereranso pachishalo. Munkatani? Simunandiuzepo kuti zimatere.

Mukukumbukira zimene Amayi ananena pochoka kuno Tsinya atabadwa. Anati, "Zikakukanika undipatse mwanayo ndikalere, iwe uzigwira ntchito yakoyo." Akangomva izi abwera ndi chikwama. Ntchito sindingasiye, mwana sindingapereke, ndipo zonse ziwirizi zakwera panjinga imodzi yomweyi.

Muyankhe ndi basi yomweyi chonde.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime


9 Meyi

Mzime mwana wanga,

Ndikupatsa moni iwe ndi mdzukulu wanga. Kuno tili bwino kupatula msana wangawu.

Kalata yako ndawerenga. Mkulu wako kulibe, ali kuchipatala kudikirira apongozi ake amene anawagoneka sabata yatha, ndiye kondakitala anaisiya kwa ine. Pa envulopu panali dzanja lako, ndipo dzanja lako likapendekeka choncho ndimadziwa kuti mutu suli m'malo. Ndinatsegula. Pamene unalemba kuti ine ndisaone ndinapawerenga kawiri, monga mmene unapalembera kawiri.

Ine ndinakubereka, ndinakusambitsa. Palibe chimene uli nacho chimene sindinachione. Ukundibisira ine magazi?

Mvera tsono. Bala lako silinapole, unathamangira. Ndinanena ine. Munthu wosokedwa sakwera chitsulo kanayi pa tsiku, ngakhale galu wobereka kumene amadziwa kugona pansi. Njingayo uitsamiritse kukhoma kuyambira lero. Kuntchito uzipita wapansi pang'onopang'ono, masana uzikhala komweko upumule.

Za mwana usade nkhawa. Ndili ndi mayunifolomu a sukulu makumi awiri oti ndimalize kusoka, ndikangopereka ndikwera basi. Ndifika Lachitatu pa 21. Umuchapiretu zovala zake zonse ndi khadi lake la sikelo ulikonzeretu. Akakhala ndi ine mpaka adzayambe kuyenda, iwe uzibwera kudzamuona mwezi ukatha. Zoti amakana kapuzo ndi zanu inu ana a masiku ano, mwana akangokwinya nkhope mwagwada kale. Ndalera asanu ine, palibe amene anandigonjetsa. Njala ikamugwira amwa.

Sindikukulanda mwana. Ndikufuna iwe ukhale ndi moyo kuti mwanayo adzakhale ndi womuitana kuti mayi.

Amayi ako


12 Meyi

Achemwali,

Moni. Apongozi anu ali bwanji, pepani ndi matenda. Kalata iyi kondakitala ndamulumbiritsa kuti aipereke m'manja mwanu, ngati simunabwere abwerere nayo. Wandiseka, akuti, "Mayi, kodi muli golide m'menemu?"

Kalata yoyamba ija Amayi anatsegula. Akubwera pa 21 kudzatenga Tsinya. Masiku asanu ndi anayi achemwali. Ndikamuyamwitsa ndimangomuyang'ana kakhutu kake n'kumawerenga masiku, iye osadziwa kanthu, kumangondikanda ndi tizikhadabo.

Njinga sindinasiye, ndingasiye bwanji. Koma kukhala pachishalo sindikuthanso, ndiye ndikupalasa choimirira. Pamalo osalala zimatheka. Pa chitunda cha pafupi ndi fakitale ya matabwa chija miyendo imanjenjemera, ndimatsika n'kukankha. Lachisanu masana ndinachedwa ndi mphindi makumi awiri. Lero ndachedwanso. Amene amatiyang'anira kuntchito timawatcha Mayi Wotchi, poti asanakupatse moni amayamba ayang'ana pamkono. Lero sanayang'ane n'komwe pamkono, angonena kuti, "Kawiri." Basi, mawu amodzi omwewo. Kachitatu aliyense amadziwa chimene chimatsatira.

Loweruka ndinayesa zimene Amayi ananena, mwina akunena zoona. Ndinafinyira mkaka m'kapu m'mawa, masana sindinabwerere. Mabere anauma gwa ngati miyala, bulauzi kunyowa, anzanga kumandipatsa mapilo akale kuti ndiziika. Nditafika madzulo ndinapeza mayi eni nyumba atakhala pakhonde atagwira mutu, mkaka uli m'kapu momwemo, Tsinya mawu atamuthera, akungotsegula kukamwa ngati kamwana ka mbalame. Mayi aja anati, "Mwanawe, ine ndili ndi BP. Zikakhala chonchi upeze wina."

Chotupa chija chakula ndipo chikutentha. Ndikayenda ndimatangadza ngati bakha, kuntchito ndinanama kuti ndinatsetsereka kubafa. Kuchipatala sindinapite. Musandikalipire. Nanga akakandiuza kuti tikugoneka, Tsinya ayamwa kwa ndani? Ndipo Amayi adzati mwaona.

Siponji ndawonjezera ina yachiwiri. Chishalo ndinafuna kuchitsitsa koma bawuti yake inachita dzimbiri, ndinayesa ndi pulayala ya eni nyumba mpaka kudzisupula chala.

Chonde kambani nawo Amayi. Inu amakumverani, ndinu achisamba. Muwauze kuti ndachira, muwauze chilichonse. Ndipo mundiuze zoona, kodi ndawonongeka m'kati?

Mzime


15 Meyi

Iwe Mzime,

Moni kwa iwe ndi bwana wako wamng'onoyo. Apongozi atuluka, akudya kale ndi kulalata, ndiye kuti achira. Makalata ako onse awiri ndawerenga dzulo, yoyamba ija ndachita kuilanda m'thumba la Amayi.

Choyamba, pita kuchipatala. Osati mawa lake la mawa, Lolemba m'mawa ukhale pa mzere. Ine si namwino ndipo sindingaone kuchokera kuno. Mmene wafotokozera, ine ndikuganiza kuti ndi khungu lasupuka ndipo chotupacho ndi chithupsa, ndinakhalapo nacho nditabereka wachiwiri uja. Koma kuganiza kwanga si mankhwala. Akakuone amene anaphunzira, akaonenso pamene anakusokapo. Ndipo usachifinye, ndimakudziwa manja ako.

Chachiwiri, chotsa matiresi akowo panjinga. Ndinaseka mpaka alamu ako kufunsa ngati mwabwera uthenga wabwino. Siponji ziwiri, thaulo, pulasitiki, bwanji osangoikapo ndi bulangete ugonepo? Mvera. Munthu ali ndi mafupa awiri kumatako, ndiwo amayenera kusenza thupi. Ukakhala pa chinthu chofewa kwambiri mafupa aja amamira, ndiye siponji imatukumuka pakati n'kumakankha pamene sipayenera kukankhidwa. Pulasitiki nayo ikusunga thukuta, khungu likufewa ngati nsalu yonyikidwa, kenako likupekeseka. Iwe wochapa zovala uyenera kudziwa zimenezi.

Chachitatu, njingayo ndi ya mwamuna wako, munthu wamtali ngati mzati wa magetsi, wopanda ndi matako omwe. Chishalo chake n'chopyapyala ndipo ndikudziwa anachikweza mpaka kumwamba, mphuno yake itayang'ana kumitambo. Iwe kuti ufikire pedulo ukumapendekeka uku ndi uku, ndiye kuti ukudzicheka wekha kanayi pa tsiku.

Ndikudziwa kuti sungakaime pamaso pa wokonza njinga n'kumuuza pamene pakupweteka, ungakomoke. Ndiye uchite chimene ndinkachita ine. Peza katoni yokhuthala, uiike pa sitepe kapena pa benchi yolimba, ukhalepo utavala chopyapyala, uwerame pang'ono ngati wagwira handulo, uwerenge mpaka makumi atatu. Ukadzuka upeza timaenje tiwiri. Uzungulize ndi cholembera. Katoniyo upite nayo kwa wokonza njinga, unene kuti ndikufuna chishalo choti timaenje iti tikhale pamwamba pake, osati m'mphepete. Katoni ikuyankhulira. Achiike chogona mofanana, mphuno isadzuke. Kutalika kwake, ukakhala n'kuponda pedulo ya pansi ndi chidendene mwendo uwongoke, basi. Usatsitse mpaka pansi poganiza kuti ndiye bwino, ungaphe maondo.

Kabudula wamkati wa msoko pakati usiye, vala wosalala wa thonje, ndipo unyamule wina wosinthira masana. Ukafika samba, upukute paume.

Unafunsa kuti bwanji sindinakuuzepo. Nanga ine anandiuza ndani? Ndinalira miyezi iwiri ndekha kuseri kwa khola.

Za Amayi ndalephera. Ndinayamba bwinobwino, iwo makina osaimitsa n'komwe. Ndinati mwanayo ndi woyamwa, anati nawenso unali woyamwa. Ndinati Mzime adzalira, anati alire ali moyo. Chikwama atsitsa kale pamwamba pa kabati. Usawaone ngati mdani, aonda sabata ino, akuganiza kuti ukufa. Iwe konza zako kuti akadzafika adzapeze munthu woyenda mowongoka.

Mkulu wako


19 Meyi

Achemwali,

Moni nonse. Ndili ndi nkhani yabwino ndi yoipa, ndipo yoipayo yadya yabwino.

Ndiyambe ndi katoni. Loweruka ndinalowa m'chipinda chosungira sopo kuntchito, ndinang'amba katoni n'kuiika pa sitepe, ndinakhalapo ndi kuwerama monga munanenera, manja kutsogolo ngati ndagwira handulo. Ndili pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri chitseko chinatseguka. Mayi Wotchi. Anandiyang'ana, ine osadzuka poopa kuwononga muyeso.

Anati, "Ukuikira mazira?"

Ndinati ayi mayi.

"Nanga ukuyendetsa chiyani m'chipinda changa cha sopo?"

Ndinafuna kunama koma misozi inayamba yokha. Ndinawauza zonse, za Tsinya, za chitunda, za chotupa. Anangoti, "Maliza kuwerengako." Nditadzuka anatenga cholembera chawo chofiira chija cholembera ochedwa, n'kuzunguliza okha timaenje tija. Kenako anati, "Iwe ndi chitsiru. Lolemba ndisakuone kuno usanapite kuchipatala."

Madzulo ndinapita kwa wokonza njinga wa pafupi ndi mpope. Ndinangomupatsa katoni, maso ali pansi. Bamboyo anaiyang'ana, anayang'ana phiri langa la siponji, sanaseke, Mulungu amudalitse. Anafukula m'thumba lake la zitsulo n'kutulutsa zishalo zitatu zakale, kumaika chimodzichimodzi pa katoni mpaka chinapezeka chachifupi chotambalala kumbuyo, chokhala ndi kangalande pakati. Bawuti ija anaithira mafuta n'kuimenya, inamasuka. Chishalo cha alamu anu chinatsika ndi zala zinayi zathunthu, achemwali. Zala zinayi. Anati, "Mlongo, inu mumafika bwanji pansi? Mumachita kudumpha?" Pobwerera kunyumba chotupa chinkapwetekabe, koma dzanzi lija kunalibe. Ndinamva mafupa awiri aja atakhala pamalo pake, ndinati kodi anthu amakwera chonchi masiku onse.

Lero ndapita kuchipatala. Anamwino anandiona bwinobwino. Pamene anandisoka ndi popola, chiberekero chili m'malo mwake. Ndinawafunsa katatu mpaka anati, "Ukufuna ndikulembere pachipumi?" Magazi aja ndi khungu losupuka. Chotupa ndi chithupsa monga munanenera, koma chinalowa m'kati chifukwa chochedwa. Anachiboola, zimene zinatuluka sindilemba. Andipatsa mankhwala oti sawononga mkaka.

Ndiye anati masiku khumi osakwera njinga. Ndinati anamwino, chishalo ndasintha. Anati ngakhale utaika cha golide, masiku khumi, ukakwera chibwerera ndipo ulendo winawo tidzakugonekadi.

Masiku khumi achemwali. M'mawa ndi madzulo ndiyenda wapansi, ndilawirira, zimenezo si kanthu. Koma masana? Mayi Wotchi andipatsa lero ndi mawa ndi mkuja kuti ndipume, akuti kupitirira apo sangathe, nsalu za hotela ziwiri zaunjikana ndipo eni ake akampani amawerenga mitu. Ananena kuti ngati alipo wobweretsa mwana masana, ndikhoza kumayamwitsira kuseri koyanika nsalu. Ndani angabweretse? Mayi eni nyumba kufika pa mpope pokha amapuma kawiri.

Ndiye Lachinayi ndibwerera kuntchito wopanda njinga, ndipo Amayi afika Lachitatu. Adzapeza zonse zitawakonzekera ngati ndachita dala. Njinga yabwino ili apo yatsamira khoma, ndikungoiyang'ana.

Mzime


22 Meyi

Achemwali,

Ndikulemba mothamanga ndisanapite kuntchito, ndikasiya kwa kondakitala podutsa. Moni.

Amayi afika dzulo. Asanakhale n'komwe pansi anati tiye kuchipinda ndikaone. Ndinawapatsa pepala la kuchipatala, anati pepala silinabereke munthu. Anaona okha. Atatuluka anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, sukufa." Ndinaona mapewa awo akutsika. Ndinati mwina apa zatha.

Sizinathe. Anati chithupsa chapola lero, mawa chidzabwera china, moyo wothamanga ndi dzuwa pamutu ngati wakuba si moyo. Ndinawaonetsa chishalo chatsopano, ndinafotokoza za mafupa awiri. Anachigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Chitsulo ndi chitsulo." Ndinati Amayi ndi masiku asanu ndi awiri okha atsala. Anati, "Ndiye masiku asanu ndi awiriwo mwana adya pepala lakoli?"

Ndinagwada achemwali. Ndinati mwana wanga musanditengere, usiku ndidzagona bwanji, mkakawu ndidzautaya kuti. Anati udzamanga nsalu pachifuwa, masiku atatu umauma. Ananena mofatsa, akundisisita kumutu, ndiye zinandipweteka kuposa akanakalipa.

Zovala za Tsinya apinda kale, zili m'chikwama chawo pamwamba pa nsalu zawo. Khadi la sikelo aika m'kathumba ka m'kati. Basi akuti ya Loweruka. Lero ndi mawa akuti amuphunzitsa kapu, mayi eni nyumba apume, ine ndisabwere masana ngakhale kumwamba kugwe.

Tsinya akuwasekerera. Mwana wosaseka ndi munthu aliyense uja, akuwasekerera agogo ake, sakudziwa.

Ndamuyamwitsa mbali zonse ziwiri mpaka wagona. Ndikupita. Ngati muli ndi mawu ena oti muwauze lembani lero lomwe, ngakhale ndikudziwa kuti kalatayo idzapeza atanyamuka.

Mzime


2 Juni

Chisamba mwana wanga,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi adzukulu anga. Ndamva kuti wakhala ukupita ku siteji masiku onse kufunsa ngati ndatsika. Ndili moyo. Sindinalembe chifukwa ndinalibe nthawi, ndipo mng'ono wako ndinamuletsa kulemba chifukwa amakometsera nkhani. Ndifotokoza ndekha.

Lachinayi lija mng'ono wako atapita kuntchito ndinakhala ndi mwana uja ndi kapu. Ndinayamba 10 koloko. Ndinayesa kapu, ndinayesa supuni, ndinayesa kuviika chala. Ndinamuimbira. Ndinamuopseza. Iwe unali wovuta, koma iwe unkalira ukumeza. Uyu amatseka pakamwa, amakuyang'ana m'maso, kenako amakuwa mpaka milomo kuda. Pofika 11 koloko anthu a nyumba zoyandikana anali atayamba kusuzumira pawindo. Mayi eni nyumba anaima pakhomo n'kunena kuti, "Paja munati mwalera asanu." Mayi amenewa pakamwa pawo sipandisangalatsa.

Mwana atayamba kulira kopanda mawu ndinachita mantha, ndisaname. Ndinafunsa njira ya kuntchito kwa mng'ono wako. Anati wapansi mukafika nthawi yopuma itatha. Ndinayang'ana njinga ija.

Ndinasiya kupalasa bambo ako ali moyo, iwe uli sitandade 5. Ndinamusiya mwana m'manja mwa mayi aja n'kuzungulira bwalo kaye ndekha. Ulendo woyamba ndinalowa m'maluwa awo. Wachiwiri ndinagunda ndowa. Wachitatu thupi linakumbukira. Ndinazungulira kasanu kuti nditsimikize, kenako ndinabereka mwana, kumanga nsalu ziwiri, n'kuuyamba. Miyendo inalibe vuto, makina osokera anaisunga. Pa chitunda ndinatsika n'kukankha, pamene pali magalimoto ambiri ndinatsikanso, sindine wamisala. Mwana uja njinga itangoyamba kuyenda anatonthola.

Mng'ono wako ndinamupeza kuseri koyanika nsalu atakhala pa ndowa, chakudya chili pamwendo osachigwira, bulauzi itanyowa. Atationa anangomasula mwana kumsana kwanga. Ndinamva mmene mwanayo ankamezera, gu, gu, gu, ngati munthu wochokera kumunda. Ndinayang'ana kumbali, nsalu zinali zambiri zoti munthu n'kuziyang'ana. Mayi wina wa wotchi yaikulu anabwera n'kundipatsa mpando ndi madzi, anati, "Mphindi makumi anayi, agogo."

Lachisanu ndinapitanso. Loweruka basi inapita yokha. Ndapalasa masiku onse mpaka anamwino anamuona mng'ono wako Lachinayi lapitali n'kumulola. Tsopano akukwera yekha. Ndamuyang'anitsitsa masiku atatu, akutsika ngati munthu, akuyenda mowongoka, masana akufika nthawi ikadalipo mpaka amadya atakhala pansi.

Usaganize kuti ndasintha maganizo. Ndikunenabe kuti ndi moyo wovuta, ndipo mwamuna wake akabwera ndili naye mawu, munthu wosiyira mkazi wobereka kumene njinga osayang'ana n'komwe ngati akufikira. Mwanayo akayamba phala mwezi uno zinthu zidzapepuka. Zovala zake ndabwezera m'kabati, khadi ndapereka. Mwana ameneyu ndi wa amake, ine sindingathe kulimbana naye, ndipo ukauza munthu kuti ndanena chonchi ndidzakana.

Tsopano nkhani ina, iwerenge uli wekha. Tsiku lachitatu la kupalasako ndinadzuka ngati andimenya ndi mpini kumatako. Chilonda palibe, dzanzi palibe, koma mafupa awiri amene mumanenawo ndawadziwa bwino lomwe, lililonse ndi dzina lake. Mng'ono wako akuti ndi kusazolowera chabe, zimatha pa sabata ziwiri, ndipo anandipeza ndikuyang'ana siponji ija n'kundilanda. Akundiphunzitsa ine kakhalidwe. Kutchalitchi dzulo ndinaimirira mapemphero onse, abusa anandiyamikira pamaso pa anthu.

Iwe unalira miyezi iwiri kuseri kwa khola, ndinaona m'kalata yako. Khola lake lija lili pafupi ndi windo langa. Ukanagogoda.

Ndifika Lachinayi ndi basi ya masana, ndekha. Makasitomala uwauze kuti Lolemba ndiyamba kusoka, koma pang'onopang'ono. Amuna ako asavutike kudzandichingamira ndi njinga ku siteji. Adzangotenga chikwama, ine ndidzayenda wapansi.

Amayi ako